Tibwerekeni Kiyi wa Padenga, Bwana

Fulati 11, Bloko D,
Kitwe.

Kwa Bwana Manijala Wamkulu,
Kampani Yoyang'anira Mafulati Athu,
Ndola.

Wolemekezeka Bwana,

Ndiyambe ndi kupepesa. Munthu wotanganidwa ngati inu sayenera kusokonezedwa ndi nkhalamba yopuma pantchito, yomwe tsiku lonse imangokhala pampando n'kumanunkhiza mpweya. Ndipepesenso kuti kalata iyi ndaiika poyera. Zisanu zoyamba zija ndinazimata bwinobwino m'maenvulopu, koma ndaphunzira kuti msewu wa Kitwe ndi Ndola, womwe basi imaumaliza pa ola limodzi, envulopu imauyenda miyezi isanu. Ndiye ndati mwina iyi, poti anthu ena aiwerenganso, ifulumirako pang'ono.

Ine ndine Osward Njobvu, wa pamwamba penipeni pa Bloko D. Ndinagwira ntchito pansi pa mgodi zaka 27, m'gulu loona za mpweya. Ntchito yanga inali kuyenda m'makwalala a pansi ndi kachubu kotulutsa utsi, n'kumaona komwe utsiwo ukulowera, kuti anzanga okumba asakomoke. Sukulu ndinalekezera panjira, Chingerezi changa n'chopemphera madzi akumwa basi, koma mpweya ndimaudziwa. Nkhani yanga ndi iyi: akazi anga, a Mainess, akulephera kupuma m'nyumba mwawomwawo chifukwa cha utsi wa fodya, pomwe iwo chibadwire sanaikepo ndudu pakamwa. Mankhwala ake ndi kuzula misomali isanu ndi umodzi yomwe ili padenga la bloko yathu. Nyundo ndili nayo. Chomwe ndilibe ndi kiyi wa chitseko cha padengapo, ndipo kiyiyo ndi wanu.

Koma kwathu ku Katete anatilera kuti usanapemphe uziyamba wathokoza, ndipo zothokoza ndili nazo zambiri.

Ndisanazitchule, mundilole ndikuonetseni nyumba yanu, poti sindikukumbuka kuti munaipondapo. Fulati yathuyi ndinaigula nthawi ija mgodi unkagulitsa nyumba kwa okhalamo. Makoma ndi anga, koma denga, masitepe, bwalo ndi makiyi zinapita m'manja mwa kampani yanu, pamodzi ndi mafulati a m'munsi omwe mumachititsa lendi. Bloko ndi yosanja katatu, ndipo mabafa ake alibe mazenera. Amene anaimanga anasiya chibowo choimirira mkati mwa khoma, kuchokera pansi mpaka kukatulukira padenga, chomwe ife a kumgodi timachitcha shafuti. Bafa lililonse lili ndi kazenera ka sefa koloza m'shafutimo. Mpweya wotentha umakwera wokha n'kukatulukira pamwamba, pansi pa chipewa chachitsulo chomwe chinkatchinga mvula. Mabafa asanu ndi limodzi amapumira m'shafuti imodziyi: awiri pansi, awiri pakati, awiri pamwamba. Anzathu a pamwamba anamata kazenera kawo ndi matayilosi kalekale, ndiye kazenera komaliza mpweya usanafike padenga ndi kathu. Kwa zaka makumi atatu zimenezi sizinativutepo.

Choyamba, zikomo chifukwa cha penti. Mu Meyi chaka chatha munatitumizira amisiri, ndipo bloko yathu inawala chikasu mpaka oyendetsa mabasi anayamba kulozera anthu njira pogwiritsa ntchito iyo. Vuto linali nkhunda. Zinkagona pansi pa chipewa chija, ndipo palibe anaziuza kuti penti ndi watsopano. Pasanathe sabata khoma linali ndi mizere yoyera. Amisiri anu sanataye nthawi ndi kuganiza. Anachotsa chipewa, anagoneka lata pakamwa pa shafuti, n'kulikhomerera pathabwa. Ine ndinaima pabwalo n'kumawerenga misomali pomwe inkalowa. Ndinawakuwira kuti shafuti si mphika woti n'kuvundikira. Anandibayibitsa mwaulemu, anatsika, n'kutseka chitseko cha padenga ndi loko watsopano.

Kalata yoyamba ndinalemba tsiku lomwelo. Yankho linafika mu Okutobala, papepala lokongola, londithokoza chifukwa chokonda chitukuko ndi kunditsimikizira kuti vuto la nkhunda linatha. N'zoona, Bwana, linathadi. Nkhundazo zinasamukira ku Bloko E, ndipo ndimaziona m'mawa uliwonse, zonenepa, zikupuma bwino.

Chachiwiri, zikomo chifukwa choletsa fodya. Apa ndiye ndivule chipewa, chifukwa nzeru ngati imeneyi ine sindikanaipeza.

Kumbali yathu ya bloko kuli amuna asanu osuta, onse a m'mafulati anu a lendi. Kale ankasutira pansi pa mtengo wa mango pabwalo, nthawi zina m'masitepe mvula ikamagwa. Sitinkakondwa nazo, koma tinkadutsa titagwira mphuno, mphepo n'kumaliza zotsalazo. Kenako kampani yanu inafuna satifiketi yoti mafulati ake ndi opanda utsi. Zikwangwani zinakhomedwa paliponse, ndudu itadulidwa ndi mzere wofiira: osasuta m'masitepe, osasuta pakhonde, osasuta pabwalo mpaka kugeti. Wopezeka alandira kalata yochenjeza, ndipo makalata akakwana atatu anyamule katundu. Anthu asanuwa ndi omvera malamulo. Kunja kwa geti kuli msewu wa magalimoto onyamula miyala, fumbi lake silisiya munthu kutsegula pakamwa. Pabalaza akazi awo amawathamangitsa. Malo otsala anali amodzi okha, ndiwo bafa. Ndipo poti ndi anthu oganizira ana awo, saulekerera utsi kuti uzungulire m'nyumba. Amayandikira kazenera ka sefa kaja n'kuuzira m'shafuti.

Utsiwo umakwera bwinobwino, monga momwe omanga anafunira. Ukafika pamwamba umagunda lata lanu, umabwerera, n'kufunafuna khomo lotsegula. Khomolo ndi bafa lathu, lomwe layang'anana ndi chipinda chogona. Mwachidule, Bwana, osuta ndi asanu, koma wokoka utsi wa onsewo ndi mayi mmodzi wa zaka 61 wodwala mphumu.

Masiku ano m'nyumba mwathu wotchi ndi yongokongoletsa. Sikisi koloko m'mawa timadziwa ndi ndudu za a shifiti yoyamba. Sikisitini awazi, ndiye kuti folo koloko madzulo, timadziwa ndi mtambo waukulu, onse akaweruka. A Mainess afika pozindikira anthu ndi mphuno. Fodya wopichira m'nyuzipepala ndi wa ba Horace Mulenga a m'fulati 3, wonunkhira timbewu ndi wa dalaivala wa pakati, ndipo akangomva wina wachilendo amandiuza kuti kunsi kwabwera alendo.

Satifiketi ija munailandira mu Febuluwale. Oyendera anakwera masitepe onse akununkhiza, osapeza kanthu. Nditawaimitsa pakhomo pathu n'kuwapempha kuti alowe, anandiuza mwaulemu kuti m'nyumba za anthu mulibe pafomu yawo. Wachiwiri wanu anadula riboni, anthu anajambulidwa, tinamwa zoziziritsa kukhosi. Lero satifiketiyo ili m'galasi polowera, ndipo a Caleb, oyang'anira bloko, amaipukuta m'mawa uliwonse asanasese.

Chachitatu, zikomo potchukitsa akazi anga. A Mainess ndi a Chigwirizano cha amayi kumpingo kwathu, ndipo kwa zaka zambiri ndiwo ankayambitsa nyimbo. Mumpingo mwathu fodya si nkhani yoseka. Bulauzi yawo yoyera ya Chigwirizano amaichapa, amaisita, amaipachika m'chipinda, ndipo pofika tsiku la mapemphero imakhala itasuta sabata yathunthu. Amayi oyandikana nawo pabenchi anayamba kusendera pang'onopang'ono. Mawu nawo anayamba kuwathera pakati pa mzere, mpaka nyimbo ankaiyamba iwo koma oimaliza ena. Anthu anaphatikiza fungo ndi chifuwa, yankho n'kulipeza okha.

Tsiku lina masana kunabwera amayi atatu, Mabaibulo m'manja, nkhope zili zamaliro. Tiyi anakana. Anawerenga mawu onena kuti thupi ndi kachisi, n'kuyamba kulangiza a Mainess mozungulira, kuti palibe tchimo lalikulu loti munthu sangalape, ndipo ngakhale lobisika m'bafa Mulungu amaliona. A Mainess anangowerama. Ine ndinali kuchipinda ndikuyang'ana wotchi, ndipo ndivomere, Bwana, kuti tsiku lokhalo ndinaupempherera utsi wanu kuti usachedwe. Sunachedwe. Sikisitini awazi itangokwana unalowa pansi pa chitseko, ndipo amayi otsogolera anatsokomola mpaka misozi, mawu a Mulungu n'kutsalira pakati. Pemphero lotsekera linali lalifupi kuposa onse omwe ndinawamvapo. Kupepesa anakapepesera m'masitepe, komwe kuli mpweya wabwino.

Atatuwo anamvetsa, koma mpingo uli ndi anthu mazana anayi, ndipo sitingawaitane onse kudzatsokomola. Kukiliniki nako namwino atamvetsera chifuwa anafunsa kuti amasuta zingati patsiku. Atayankha kuti sasuta, namwinoyo anawanunkhiza malaya, n'kuwauza kuti azikhala oona mtima ngati akufuna kuthandizidwa. Tsiku limenelo a Mainess analira njira yonse, kuchokera kukiliniki mpaka pageti. Mayi amene analera ana anayi osamulola bambo aliyense kuyatsa ndudu pakhonde pake, lero akutchedwa wabodza pamaso pa anthu. Pamenepa ulemu wanga umandithawa, Bwana. Ndinapsa mtima tsiku limenelo, ndipo mpaka lero sunazizire.

Chachinayi, zikomo chifukwa cha mphatso. Nditaona kuti mawu anga sakumveka ndinabwerera kuntchito yanga yakale. Ndinapachika ulusi pakazenera kathu, ndipo unawerama kuloza mkati mwa nyumba, pomwe umayenera kuloza m'shafuti. Ndinapempha ba Mulenga kuti ayatse koyilo yothamangitsira udzudzu m'bafa mwawo, ine ndili pamwamba ndi wotchi. Fungo linafika pa mphindi zinayi. Ndinajambula zonse papepala, ndi mivi yosonyeza njira ya mpweya, monga momwe ndinkachitira kumgodi. Kumeneko pepala lotere likafika pathebulo la bwana, ntchito inkaima mpaka mpweya ukonzedwe, chifukwa munthu akakomoka pansi bwanayo ndiye ankayankha mafunso.

Yankho lanu linali lanzeru kuposa mivi yanga. Linati poti Bloko D ili ndi satifiketi yoti ndi yopanda utsi, ndiye kuti mulibe utsi, ndipo ngati m'fulati 11 muli utsi, wachokera m'fulati 11 momwemo. M'katoni yomwe inabwera ndi kalatayo munali chithunzi chachikulu cha mapapo akuda, kabuku ka njira khumi zosiyira fodya kolembedwa dzina la Mayi Njobvu pachikuto, ndi chitini chopopera fungo la mandimu. Chithunzicho sitinachipachike, poti tinachionapo kale chofanana nacho kuchipatala, ndipo chinali chathuchathu, cha mapapo a Mainess. Chitinicho ndinapopera kamodzi. A Mainess anabanika mpaka ndinawatulutsira pakhonde, ndiye ndachisunga kuti ndidzakubwezereni.

Mwina mufunsa kuti bwanji osangotseka kazenera kathuko, ngati anzathu aja. Ndinayesa, ndi katoni, kenako ndi simenti. Anzathuwo anaboola khoma lawo lakunja kalelo malamulo anu asanabwere, pomwe bafa lathu lili pakati, lilibe khoma loloza panja. Pasanathe mwezi linachita nkhungu yakuda mpaka kudenga, ndipo utsi unapeza njira ina, m'mipata ya mapaipi. Tinali ndi mdani mmodzi, tinakhala ndi awiri. Ndinagumula simentiyo ndi manja anga omwe.

Mufunsanso kuti bwanji osalankhula ndi osutawo. Ndinagogoda zitseko zonse. Ba Mulenga, bambo wa zaka zonga zanga, anandilowetsa mpaka m'bafa n'kundionetsa ndowa yomwe amakwerapo kuti pakamwa pafike pasefa. Ankanyadira kuti adzukulu awo sakoka utsi ngakhale pang'ono. Nditawauza komwe umathera anakhala pansi, n'kungoti mukwai, mukwai, liwu laulemu la Chibemba. Kuyambira pamenepo amayenda mpaka kuseri kwa geti ndi mwendo wawo wotupa, kukasutira m'fumbi. Awiri anachepetsa. Awiri otsalawo anandiyankha kuti bafa ndi lawo, ndipo amene anawalozera kumeneko ndi lamulo la kampani. Sindikuwatcha oyera mtima, ndipo fodya wawo ndimadana naye, koma shafuti sanatseke ndi iwo.

Chachisanu, ndipo ichi ndi chachikulu, zikomo posamala moyo wanga. Kiyi ndinayamba kupempha kwa a Caleb. Yankho lawo linkakhala liwu limodzi lija la Chibemba, mailo, ndiye kuti mawa. Mawa ambiri atadutsa anandinong'oneza kuti kiyi anapita ku Ndola. Ndinakwera basi. Ku Ndola, mayi wa pakauntala anandiuza kuti kiyiyo ali ndi amisiri. Amisiri, nditawapeza ku Garneton akupenta mpanda wa munthu wina, analumbira kuti anamusiya kwa a Caleb. Kiyi ameneyu wayenda kuposa ine. Pamapeto pake kunabwera kalata yanu, yonena kuti wokhala m'fulati saloledwa kukwera padenga chifukwa cha chitetezo, poti akhoza kugwa. Inandigwira mtima. Ine amene ndinatsika m'keji, chikepe cha mumgodi, tsiku ndi tsiku kwa zaka 27, thanthwe lili pamutu, sindinkadziwa kuti kuli munthu ku Ndola amene amadera nkhawa mafupa anga chonchi.

Loko uja si wolimba, Bwana, ndikuuzeni zoona. Ndinamuyang'ana kangapo nyundo ili m'manja. Ba Mulenga anadzipereka kuti amuthyole iwo, koma ali kale ndi makalata awiri ochenjeza, ndipo yachitatu iwatulutsa ndi adzukulu omwe. A Caleb anandigwira mwendo, akuti loko akangothyoka ntchito yawo yatha, monga inathera ya amene analipo iwo asanabwere. Komanso ine ndine mkulu wa mpingo, ndipo mbiri ya fodya itikwanira, sitikufuna kuonjezapo ya kuthyola maloko. Ndiye ndakhala ndikulemba makalata.

Tsopano ndikuuzeni zomwe zachitika pomwe kalata yachisanu ili panjira.

Lamulungu la pa 6 mwezi uno kunatentha kwambiri, mphepo kunalibe, ndipo m'munsimu munali alendo oonera mpira. Timu ikamagonja anthu amasuta kwambiri, ndipo tsikulo inagonja. Cha m'ma fifitini awazi a Mainess anali pabedi akupumula. Ine ndili pabalaza ndinamva kulira kwa chifuwa chawo. Nditalowa ndinapeza atakhala tsonga, manja atagwira m'mphepete mwa bedi, milomo itada. Anapopera mankhwala awo kawiri, katatu, osathandiza. Ankandiyang'ana, pakamwa pali yasa, mawu osatuluka. Ndaonapo amuna akubanika pansi pa mgodi, ndipo nthawi zonse ndinkadziwa chitseko choti nditsegule kuti mpweya ubwere. Tsikulo chitsekocho ndinkachidziwanso. Chinali pamwamba pa mutu wanga, chokhoma. Ndinachita mantha, Bwana, mantha omwe sindinawamvepo pansi.

Tinawatsitsa atakhala pampando wa pathebulo. Onyamula anali osuta aja, anayi mwa asanuwo, ba Mulenga akutsogolera ndi mwendo wawo wotupa. Tinadutsa zikwangwani zanu zonse, tinadutsanso satifiketi. Kuchipatala anagona masiku anayi, awiri oyamba ali pamakina. Dokotala ananditengera pambali n'kundiuza mosabisa kuti mapapo awo atopa, ndipo zikadzachitikanso chonchi sakulonjeza kuti adzabwerera. Anandilamula kuti ndisawabwezere m'nyumba ya utsi. Ndinamuuza kuti nyumba yathu ili ndi satifiketi, koma sanaseke.

Panopa ali kwa mwana wathu Jemimah ku Luangwa, komboni ya konkuno ku Kitwe, m'zipinda ziwiri momwe muli kale anthu asanu ndi mmodzi. Apongozi athu, amuna a Jemimah, amagona pabalaza kuti a Mainess apeze bedi. A Mainess andiuza kuti mwezi ukatha akubwerera. Akuti sanaphe munthu kuti athawe nyumba yawo, ndipo sangakhale chogonera pamutu pa mwana wokwatiwa. Ndayesa kuwaletsa, Jemimah wayesa, abusa ayesa. Inu simuwadziwa mayi amenewa. Atsala ndi masiku khumi ndi awiri, ndipo dzulo anatumiza uthenga woti ndichape makatani.

Choncho, Bwana, nditathokoza mokwanira, ndagwada ndi mapempho awiri.

Loyamba ndi kiyi, kwa mphindi makumi awiri zokha. Ngati mafupa anga akukudetsanibe nkhawa, tumizani munthu wanu akwere, ine ndiima pansi n'kumamulozera. Azule misomali isanu ndi umodzi, achotse lata, abwezeretse chipewa, chomwe chili m'sitolo mwa a Caleb pansi pa zitini za penti. Waya wotchinga nkhunda ndakonza kale, ndamudula mwa muyeso, kuti khoma lanu lisadetsedwe. Satifiketi sitiikhudza. Osuta mukawabwezera mtengo wawo wa mango mudzachita bwino koposa, koma sindikufuna kuchulutsa zopempha.

Lachiwiri ndi loti mulisunge pafupi ngati loyamba lakanika. Tsiku lomwe tinkatsitsa a Mainess ndinaona kuti pokhotera masitepe, pakati pa nsanjika yachitatu ndi yachiwiri, mpando unadutsa mochita kupendeketsa. Sabata yatha ndinakapima ndi tepi. Bokosi la munthu wamkulu silingakhote pamenepo pokhapokha titadula zitsulo zogwirira, ndipo zitsulozo, monga denga, ndi zanu. Mwina munena kuti kuno kutauni bokosi limachoka kuchipatala n'kulunjika kutchalitchi. A Mainess anakana zimenezo kalekale. Akuti iwo adzalowe m'nyumba mwawo komaliza, monga timachitira kwathu, amayi a Chigwirizano adzawaimbire ali pabalaza pawo. Ndinawalonjeza. Ndiye bokosilo liyenera kukwera, liyeneranso kutsika. Za utsi tsiku limenelo musadere nkhawa. Aliyense m'nyumbamo adzatsokomola, kupatula iwo.

Sindikufuna kuti anthu a mpingo adzaime pokhotapo, bokosi lili paphewa, kudikira chilolezo cha ku Ndola. Poti mayankho anu amatenga miyezi isanu, ndati ndiyambiretu kupempha chilolezo chodula zitsulozo lero, mwini wake akadali moyo.

Simukuyenera kuvutika ndi mapempho onse awiri, Bwana. Sainani limodzi lokha, lomwe lakukomerani. Lomwe musankhe ndi lomwe tigwiritse ntchito.

Ine wanu wodzichepetsa, wokhala pansi pa lata lanu,

Osward Njobvu